Zolemba za ntchito yokoka magetsi a MAREP kupita pa msika wa kumudzi

Zolembazi ndi za ntchito ya MAREP, ndondomeko ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, pa nthambi imodzi ya mzere wa magetsi wa 33kV (ma volt 33,000) yomwe ikuchokera pa mzere waukulu wa m'mbali mwa msewu wa tala kupita pa msika wina wa kumudzi, mtunda wa makilomita 6.4. Pamsikapo pali sukulu ya pulayimale, sekondale yoyendera, chipatala chaching'ono, zigayo ziwiri za dizilo, mashopu ndi nyumba zogonamo. Tikulemba mwezi ndi mwezi kuti amisiri, makhansala ndi makomiti a chitukuko a madera omwe akudikira gawo lotsatira la MAREP adziwiretu pomwe ntchito yotere imakakamira.

Ndondomeko yomwe tikugwirira

MAREP inayamba mu 1980 ndipo poyamba inkayendetsedwa ndi ESCOM. Mu 1995 boma linaitenga n'kuipereka ku nthambi yake yoona za mphamvu. Lamulo la magetsi a kumidzi la mu 2004 ndilo linakhazikitsa thumba la ndalama zake, ndipo thumbalo limadzazidwa ndi msonkho womwe uli kale mu mtengo wa mafuta a galimoto ndi wa magetsi. Wakabaza wa njinga yamoto wa pamsika pano wakhala akusonkhera mzere uwu nthawi iliyonse akathira petulo, choncho anthu akamafunsa za ntchitoyi akufunsa za ndalama zawo ndipo ayenera kuyankhidwa bwino.

Boma limagula zipangizo ndi kulemba makontrakitala. Mzere ukatha umaperekedwa ku ESCOM, yomwe imauyendetsa, kuukonza ndi kulumikiza makasitomala. Kupanga magetsi ambiri kuli m'manja mwa kampani ya EGENCO kuyambira mu 2017, ndipo MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu, ndiyo imavomereza mitengo ndi kupereka ziphaso kwa amisiri olumikiza mawaya m'nyumba. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse, 84 amakhala kumudzi, ndipo pa mabanja 100 a kumudziko ndi anayi okha omwe ankaunikira magetsi. Chiwerengero chimenecho chimasintha pokhapokha mita ikalowa pa khomo la munthu. Thiransifoma yoyaka pamsika sichisintha.

Epulo: kuyeza njira

Njira yowongoka pa mapu inali ya makilomita 5.8, koma inkadutsa pa manda a mudzi umodzi ndiponso pakati pa dambo lomwe limadikha madzi kuyambira Januwale mpaka Epulo. Taikhotetsa kuti itsate msewu wa fumbi. Mamita 600 owonjezerawo ndi mapolo 7 ndi waya wa makilomita pafupifupi awiri, koma mzere wa m'mbali mwa msewu galimoto yokonza imaufikira ngakhale mu Febuluwale, ndipo wakuba amaopa maso a anthu.

Msonkhano ndi a gulupu, anyakwawa ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) unachitika zikhomo zisanakhomedwe. Zinthu zitatu zinalembedwa ndi kusainidwa: mitengo yomwe idulidwe ndi eni ake, minda yomwe mukhale mapolo, ndi zoletsedwa pansi pa mzere. Chimanga, mtedza ndi soya zilimidwe monga kale. Bulugama, nsungwi, nyumba, uvuni wa njerwa ndi chigafa cha fodya ayi. Mitengo ya mango ndiyo imabweretsa mkangano kwambiri chifukwa ndi chakudya cha mu Disembala, choncho mtengo uliwonse unawerengedwa mwini wake ali pomwepo, pamaso pa mfumu ndi wa ku khonsolo. Nkhani ya chipukutamisozi ikasiyidwa kuti ikambidwe ntchito ili m'kati, maenje amakwiriridwa usiku ndipo kontrakitala amataya masabata.

Meyi: kuwerenga katundu (mphamvu ya magetsi yomwe idzakokedwe) ndi kusankha malo a thiransifoma

Apa ndi pomwe pamagamulidwa amene adzakhale ndi magetsi ndi amene adzangoona mawaya. Pulani yoyamba inali ndi thiransifoma imodzi ya 100kVA (kVA ndi muyezo wa mphamvu yomwe inganyamule) pakati pa msika. Thiransifoma yotere imapereka ma amp pafupifupi 144 pa phase iliyonse (waya aliyense mwa atatu onyamula magetsi) ku mbali ya 400V yopita kwa makasitomala. Chigayo chimodzi cha mota ya 22kW chimadya pafupifupi 29kVA, ndipo onse awiri eni zigayo anena kuti asiya dizilo. Zimenezo ndi 58kVA tisanawerenge wowotcherera zitsulo, mafiriji a m'mashopu ndi chipatala. Nyumba za kumudzi timaziwerengera pafupifupi 0.4kVA iliyonse pa nthawi yomwe onse ayatsa, ndipo nyumba 120 zomwe zili pafupi zimapereka 48kVA. Wina anganene kuti zigayo zimagwira masana pomwe nyumba zimayatsa usiku. Kumudzi sizili choncho kwenikweni: amayi amapita kuchigayo akaweruka kumunda, ndipo tsiku la msika chigayo chimalira mpaka 7 koloko madzulo, nthawi yomwe mababu ndi ma TV ayaka kale.

Vuto lachiwiri ndi mtunda. Chipatala ndi sekondale zili mamita 900 kuchokera pamsika. Waya wa aluminiyamu wa 50mm² uli ndi ma ohm (muyezo wa momwe waya amatchingira magetsi kuyenda) pafupifupi 0.64 pa kilomita. Mukakoka phase imodzi yokha mamita 600, magetsi amayenda mamita 1,200 kupita ndi kubwerera, omwe ndi ma ohm 0.77. Kumapetoko kukamakokedwa ma amp 30, ma volt 23 atayika panjira ndipo pa soketi pafika 207 m'malo mwa 230. Pa mamita 900 zinthu zimaipiratu: firiji ya katemera imayesa kulira n'kuzima, kuyesanso n'kuzima, mpaka compressor kupsa.

Tapempha kuti pulani isinthe, pakhale mathiransifoma awiri: ya 100kVA pamsika ndi ya 50kVA pafupi ndi chipatala, mzere wa 33kV upitirire ndi mapolo 10. Ndi zodula kuposa kungoika imodzi ya 200kVA pamsika, koma thiransifoma yaikulu sichiza kutsika kwa mphamvu kumapeto a waya. Ziwirizi zikufikira nyumba 70 zina za kuseri kwa sukulu zomwe pulani yoyamba inazisiya. Tikuona kuti malo a thiransifoma azisankhidwa poyenda pansi n'kuwerenga makomo omwe ali m'kati mwa mamita 500, osati pongoyang'ana pomwe pali mashopu.

Eni zigayo auzidwiratu kuti mota zawo zikhale ndi choyambitsira mota cha mtundu wa star-delta. Mota ya 22kW imakoka ma amp pafupifupi 42 ikamayenda, koma ikalumikizidwa mwachindunji imakoka kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri kuposa apo poyamba, ndipo mababu a msika wonse amaphethira. Star-delta imatsitsa kukokako kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu.

Juni: zipangizo

Zafika: mapolo a bulugama a mamita 11 okwana 90 a mzere waukulu, a mamita 9 okwana 64 a mizere ya m'mudzi, waya wa aluminiyamu wa AAAC makilomita 23, ma insulator (zotchinga kuti magetsi asadutse), mitanda yachitsulo ndi zida za stay (waya wokhomedwa pansi wogwira polo kuti isagwe). Waya tinauwerengera katatu kutalika kwa mzere chifukwa cha ma phase atatu, n'kuwonjezerapo 5 pa 100 ya kulendewera, zolumikiza ndi zotsalira pa drum.

Polo iliyonse yayang'anidwa isanatsitsidwe. Timaboola pang'ono cha kumunsi kuti tione pomwe mankhwala afika. Polo yomwe inanyikidwa isanaume bwino imada kunja kokha, m'kati muli mwayera, ndipo chiswe chimalowera pa mng'alu n'kuidya pamalo pomwe polo yakumana ndi dothi. Kunja imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku lomwe mphepo yaigwetsa. Mapolo 6 abwezedwa: anayi chifukwa cha mankhwala osalowa, awiri chifukwa cha ming'alu yolowa chala. Otsalawo agonekedwa pa mitengo yopingasa kuti asakhudze pansi.

Mathiransifoma, ma surge arrester (zida zoteteza ku mphenzi) ndi mafyuzi sanafike. Zonsezi zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mgwirizano uliwonse womwe unasainidwa mu makwacha zisanachitike zimenezi unasiya kukwanira katundu yemweyo. Ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe anthu amaonera mapolo ataima miyezi yambiri opanda waya kapena waya wopanda thiransifoma.

Julayi ndi Ogasiti: maenje ndi kudzala mapolo

Kuya kwa dzenje ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kutalika kwa polo, kuwonjezerapo masentimita 60. Polo ya mamita 11 imalowa mamita 1.7, ya mamita 9 imalowa mamita 1.5. Aganyu okumba ndi a m'midzi momwemo ndipo amalipidwa pa dzenje, ndiye dzenje lililonse limayezedwa ndi ndodo yolembedwa polo isanalowe. Pa kamtunda ka miyala maenje 9 anapezeka ndi mita imodzi yokha ndipo akumbidwanso ndi chitsulo. Kudula polo kumunsi kuti ikwane m'dzenje losaya n'koletsedwa, chifukwa kumachotsa mbali yomwe mankhwala analowa kwambiri ndipo kumatsitsa waya.

Kukwirira kumachitika pang'onopang'ono: dothi la masentimita 15 mpaka 20, kusinja, dothi lina, kusinjanso. M'mphepete mwa dambo muli makande, omwe amang'aluka m'chilimwe n'kufewa m'dzinja. Pamenepo maenje akulitsidwa, pansi paikidwa miyala, ndipo mapolo atatu apatsidwa mtanda wa pansi pa nthaka kuti asapendeke.

Mtunda wa pakati pa mapolo ndi mamita 90 pa mzere waukulu ndi mamita 45 mpaka 50 pa mizere ya m'mudzi. Pa ngodya iliyonse ndi kumapeto kwa mzere pali stay. Stay imayenera kutsika mopendekera pafupifupi madigiri 45, kulunjika mbali yotsutsana ndi komwe waya akukokera, ndipo chitsulo chake cha pansi chikwiriridwe mozama m'dothi losasokonezedwa. Pa ngodya ziwiri stay inagwera pa khomo la munthu ndi pa njira ya ngolo, ndipo m'malo moifupikitsa taika polo yotsamiritsa. Stay iliyonse ili ndi insulator pamwamba poti munthu sangafikire, chifukwa ana amakonda kulendewera pamenepo ndipo amayi amamangirirapo mbuzi.

Sepitembala: kukoka waya

Waya amakokedwa kudzera pa mapule (timawilo tomwe waya amayendapo), osati kukhwekhwereza pansi kapena pa mtanda wachitsulo. Aluminiyamu akakandika pa mwala amadukira pomwepo patapita zaka. Kulendewera kwa waya kumatsata tebulo la kutentha kwa tsikulo. Pa mamita 90, kusintha kwa madigiri 30 kumatalikitsa kapena kufupikitsa waya ndi masentimita 6, ndipo zimenezo zingasinthe kulendewera kwa pakati ndi theka la mita kapena kuposa. Waya wokokedwa mothina masana a mwezi wotentha amadzakoka ma stay ndi kupendeketsa mapolo m'bandakucha wa mu Juni. Wokokedwa molekerera amadzagundana ndi mnzake mphepo ikawomba, n'kuthothola moto pa udzu wouma. Pa gawo lachitatu la mzerewu kontrakitala anakoka ndi maso popanda tebulo, ndipo ma span 11 (waya wa pakati pa polo ndi polo) amasulidwa n'kukokedwanso. Podutsa msewu tasiya mamita opitirira 6.5 kuchokera pansi, poganizira malole a mabelo a fodya omwe pamwamba pake pamakhalanso anthu.

Okutobala: thiransifoma ndi earth

Mathiransifoma onse awiri afika ndipo akwezedwa pa mapolo awiriawiri. Asanakwezedwe tinayeza insulation (zotchinga kuti magetsi asathawe) ndi chida chotchedwa megger cha 5kV, kuona mulingo wa mafuta ndi kutsimikiza kuti tap (chosinthira ma volt otuluka) ili pakati. Pamwamba pali mafyuzi ogwa okha akapsa, ndipo ma surge arrester amangidwa pafupi kwambiri ndi thiransifoma, waya wawo wopita pansi uli waufupi ndi wowongoka. Arrester yoikidwa patali kapena ya waya wopindapinda siteteza mokwanira mphenzi ikagwa.

Earth (ndodo ndi waya zotsitsira magetsi osochera m'nthaka) tayeza mwezi uno mwadala, nthaka ili gwa, chifukwa muyezo wa m'dzinja umanamiza. Timafuna ma ohm osapitirira 10. Pamsika tinapeza 8 ndi ndodo zinayi. Kuchipatala, komwe kuli mchenga ndi miyala, ndodo zinayi zinapereka 34. Takumba ngalande yozungulira, tawonjezera ndodo zisanu ndi imodzi motalikirana kuposa kutalika kwa ndodoyo, tathira dothi losunga chinyezi lotchedwa bentonite, ndipo muyezo watsika kufika pa 9. Mchere ndi makala zomwe amisiri ena amathira zimatsitsa muyezo tsiku loyeza, koma mchere umasungunuka ndi mvula ndipo umadya ndodo. Earth ya neutral (waya wobwezera magetsi) ya 400V yaikidwa pa polo yotsatira, kutali ndi ya arrester, kuti mphamvu ya mphenzi isalowere m'nyumba za anthu.

Kuba ndi kuwononga mathiransifoma ndi vuto la dziko lonse. Akuba amafuna mafuta ndi kopa wa m'kati, komanso waya wa earth. Waya wa earth taubisa m'paipi yachitsulo mamita atatu oyambirira, mabawuti a thiransifoma awotcheredwa, ndipo komiti ya chitetezo cha m'mudzi yauzidwa chinthu chimodzi chofunika: magetsi akazima usiku mbali imodzi yokha ya msika, wina apite akaone pa thiransifoma nthawi yomweyo ali ndi anzake, chifukwa akuba amayamba ndi kugwetsa mafyuzi.

Novembala: mizere ya m'mudzi ndi kuyatsa

Mizere ya 400V yakokedwa ndi waya wokutidwa wa ABC, makilomita 2.9 onse pamodzi. Ndi wodula kuposa waya wosakutidwa, koma pamsika pomwe pali malata, mitengo ndi anthu onyamula nsungwi ndiye woyenera, ndipo kukolowekapo waya wakuba n'kovuta. Msewu waukulu wa msika uli ndi ma phase onse atatu. Tinjira tolowa m'midzi tapatsidwa ma phase mosinthanasinthana, ndipo polo iliyonse yalembedwa phase yomwe nyumba zake zidzatengeko. Olumikiza akasiyidwa kuti asankhe okha amatenga waya wapafupi ndi dzanja, phase imodzi imalemedwa, neutral imatentha, ndipo fyuzi ya phase imeneyo imapsa madzulo aliwonse thiransifoma isanafike ndi theka lomwe la mphamvu yake.

Amisiri a ESCOM ayendera mzere wonse, zolakwika zomwe analemba zakonzedwa, ndipo mzere wayatsidwa sabata yomaliza ya mwezi. Pa thiransifoma ya pamsika tapeza ma volt 236, 235 ndi 237 popanda katundu. M'malipoti a ntchito, malo ano tsopano alembedwa kuti ali ndi magetsi.

Disembala: kulumikiza nyumba

Pa makomo 190 omwe ali pafupi ndi mizere, omwe apereka mafomu ndi 61. Omwe amaliza mawaya m'nyumba ndi 38. Omwe alumikizidwa pofika kumapeto kwa mwezi ndi 22, ndipo 15 mwa iwo ndi mashopu. Chipatala chalumikizidwa. Sukulu zonse ziwiri sizinalumikizidwe chifukwa m'makalasi mulibe mawaya, ndipo ndalama ya mawaya a sukulu ndi ya nyumba za aphunzitsi sinali mu bajeti ya mzere kapena ya sukuluzo. Nkhani imeneyi inayenera kupita ku khonsolo mu Epulo, tsiku lomwe zikhomo zinakhomedwa.

Chifukwa chachikulu cha kuchepa kwa mafomu ndi nyengo. Ndalama kumudzi imapezeka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, anthu akagulitsa soya, mtedza, fodya ndi chimanga. Mu Disembala ndalama yapita ku feteleza ndi mbewu, mu Januwale kukubwera fizi, ndipo nkhokwe zayamba kupepuka. Banja lomwe likugula chimanga cha pa mbale silingalipire mmisiri wa mawaya, ngakhale polo ili pa khomo pake. Kulembetsa mayina, kusonkha ndalama kudzera ku banki m'khonde ndi kuika mawaya kukanayamba mu Juni, mapolo akutsitsidwa. Ntchito yomanga imafuna chilimwe, ndiye mizere yambiri imatha mvula ikuyamba. Amene akukonza ndondomeko ayenera kuona kuti kalendala ya kontrakitala ndi kalendala ya mlimi zikusemphana chaka chilichonse.

Njira yolumikizira ndi iyi. Mwini nyumba amapeza mmisiri wa chiphaso cha MERA. Mmisiri amaika mawaya, amayeza, n'kusaina chikalata chotsimikiza ntchito yake. Fomu imapita ku ESCOM pamodzi ndi chiphaso cha unzika, mtengo wolumikizira umatuluka, ukalipidwa nyumba imayenderedwa, kenako waya wochokera pa polo kupita ku nyumba ndi mita zimabwera. Mita ndi yolipiriratu: munthu amagula mayunitsi pa Airtel Money kapena TNM Mpamba n'kulowetsa manambala 20.

Nyumba 11 zalephera poyendera, ndipo zolakwika zake ndi zofanana. Masoketi akokedwa ndi waya wa 1.5mm² m'malo mwa 2.5mm². Waya wa 1.5mm² ndi wa mababu, pa breaker (chida chodula magetsi akakokedwa mopitirira muyezo) ya ma amp 10 kapena kucheperapo. Masoketi amafuna 2.5mm² pa breaker ya ma amp 20, ndipo cooker imafuna 6mm² pa breaker ya ma amp 32. Nyumba zina zilibe earth leakage ya 30mA, chida chomwe chimadula magetsi mwana akagwira waya. Zina ndodo ya earth ndi kachitsulo ka masentimita 40 kokhomedwa m'mphepete mwa khonde. M'nyumba zitatu munapezeka waya wotchipa wa pamsika yemwe kunja ndi wofiirira ngati kopa koma mukapala ndi mpeni m'kati ndi woyera. Ameneyo ndi aluminiyamu wopakidwa kopa, amatentha msanga ndipo amamasuka pa zomangira. Poyeza ndi megger ya 500V, insulation isatsike pansi pa megaohm imodzi. Onse omwe alephera anagwiritsa ntchito amisiri opanda ziphaso, ndipo tsopano akulipira kawiri. Komiti yapachika pa chipatala ndi pa chigayo mayina a amisiri omwe aonetsa ziphaso zawo.

Kwa banja la nyumba ya zipinda ziwiri kapena zitatu, ready board ndiyo njira yachidule. Ndi bokosi lobwera lomangidwa kale, lokhala ndi earth leakage, ma breaker, masoketi awiri kapena atatu ndi babu limodzi. Limakhomedwa pa khoma, limalumikizidwa ku mita ndi ku ndodo ya earth, basi. Siliteteza mokwanira ku zomwe mwini nyumba angadzawonjezere yekha, ndiye pomupatsa ayenera kuuzidwa kuti waya wa wailesi kapena wa foni sukokedwa kupita ku chipinda china, makamaka pansi pa denga la udzu. Njira ya Ndawala, yomwe nyumba imaikidwa mawaya pa ngongole, ngongoleyo n'kumabwezedwa pang'onopang'ono pogula mayunitsi, inakonzedwera mabanja ngati amenewa. Ntchito yofikitsa magetsi kwa anthu ambiri ya MEAP, yomwe World Bank inavomereza mu 2019 ndi ndalama zokwana madola 150 miliyoni, inalunjikanso pa kulumikiza nyumba zomwe zili kale pafupi ndi mizere. Maganizo athu ndi akuti thandizo lotere lizibwera m'galimoto imodzi ndi thiransifoma, mamita ndi ma ready board awerengedwe pa mndandanda wa zipangizo za mzerewo kuyambira pachiyambi.

Anthu ambiri akuopanso kuti mayunitsi adzawalemera. Tawawerengera pa bolodi pa msonkhano. Mababu anayi a LED a 9W oyaka maola asanu ndi mayunitsi 5.4 pa mwezi. TV ya 60W maola anayi ndi mayunitsi 7.2. Kutchaja mafoni a banja lonse ndi yunitsi imodzi kapena awiri. Zonse pamodzi sizipitirira 15. Aliyense anayerekeza yekha ndi zomwe amawononga pa mabatire a tochi, makandulo ndi kutchajitsa foni pamsika. Firiji yaing'ono imawonjezera pafupifupi 30. Hotplate ya 1,500W yophikira maola awiri pa tsiku ndi mayunitsi 90, ndipo n'chifukwa chake mbaula ya makala sichoka msanga pakhomo ngakhale magetsi alowe.

Midzi iwiri ya kutsidya kwa dambo ili makilomita atatu kuchokera pa thiransifoma yapafupi ndipo nyumba zake ndi zotalikirana. Mzere sufikako m'gawo lino la MAREP, ndipo tawauza mosabisa kuti asadikire. Kwa iwo njira yapafupi ndi sola ya pa nyumba yolipira pang'onopang'ono, yomwe thumba la Ngwee Ngwee Ngwee la pansi pa MEAP linakhazikitsidwa kuti liithandizire. Kumene makomo ali ambiri pamodzi, magetsi a dera lokhalokha atheka kale m'dziko muno: ku Bondo ku Mulanje amachokera ku madzi a mtsinje wa Lichenya, ndipo kwa Sitolo ku Mchinji amachokera ku sola ya 80kW.

Januwale: mvula yoyamba pa mzere watsopano

Mzere wazima kanayi mwezi uno pa zifukwa za pamalo pano. Kawiri inali nthambi ya bulugama yomwe inagwera pa waya pa kilomita yachinayi, pomwe mwini munda anakana kuti mitengo iwiri idulidwe. A gulupu akambirana naye ndipo yadulidwa. Kamodzi mphenzi inapsereza mafyuzi awiri ku thiransifoma ya kuchipatala, thiransifomayo osavulala. Kachinayi fyuzi ya phase imodzi inapsa pamsika, ndipo chigayo chomwe chinalibe chida chodula mota phase ikasowa chinapitiriza kulira pa ma phase awiri mpaka mota kununkha. Mwini wake wapita nayo kokulungitsanso waya. Chigayo chachiwiri chaikidwa chidacho chisanalumikizidwe.

Kuzima kwina kumachokera kutali. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo m'dzinja zinyalala ndi matope zimatseka makina. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Pa chifukwa chimenechi talangiza kuti sola ya firiji ya katemera ndi ya chipinda cha amayi oyembekezera isachotsedwe. Mabatire ake asinthidwe ndipo paikidwe swichi yosinthira, yomwe siilola sola ndi magetsi a mzere kukumana.

Mapolo awiri a m'mphepete mwa dambo apendekeka pang'ono ndipo kontrakitala awawongola n'kusinjanso dothi, poti nthawi yomwe iye amayankhira zolakwika sinathe. Pa katundu wa madzulo, kumapeto kwa mzere wautali kwambiri wa m'mudzi tapeza ma volt 224. Ma phase a pamsika akukoka ma amp 61, 48 ndi 39 chigayo chikulira, ndiye nyumba khumi zotsatira zipita pa phase yachitatu.

Olumikizidwa afika 34. Mafomu 27 akudikira mamita, ndipo mabanja 40 alembetsa ku komiti kuti adzaika mawaya akakolola. Kalata yopempha ndalama ya mawaya a makalasi asanu ndi atatu ndi nyumba zisanu za aphunzitsi yapita ku khonsolo kudzera ku komiti ya chitukuko cha dera (ADC). Muyezo wotsatira wa katundu pa mathiransifoma onse awiri udzatengedwa tsiku la msika, pakati pa 5 ndi 8 koloko madzulo, chigayo chachiwiri chikayamba kugwira ntchito.